"Tachotsa chonse chooneka": kodi chotupa cha mu ubongo chidzabweranso?

Tsiku lomwe mayi anga aang'ono anachitidwa opaleshoni ya mutu, dokotala anatipeza pakhonde la wodi tili chiimire, kachipewa ka ku thiyeta kadakali kumutu, nkutiuza kuti opaleshoni yayenda bwino, tachotsa chonse chooneka. Ife tinangomva mawu awiri oyambawo, tachotsa chonse, basi aliyense anatulutsa foni kuyamba kuuza abale. Liwu lachitatu lija, chooneka, ndinadzalimvetsa patapita masabata awiri pomwe tinapita kukachotsetsa ulusi, bambo aang'ono atafunsa funso lomwe tonse tinali nalo kukhosi: "Adokotala, ndiye chimenechi chatheratu kapena chidzabweranso?" Dokotala uja sananame, komanso sanatiopseze. Anangoti, "Bambo, tidikire kaye lipoti la ku labu, chotupacho chitiuza chokha."

Chotupa chingauze bwanji munthu za mawa lake? Nkhani yake ndi imeneyi, ndipo ndikufuna ndiifotokoze bwinobwino chifukwa mabanja ambiri amalandira lipoti lija, nkuona zilembo ndi manambala ngati IDH, MGMT, 1p/19q, nkulipinda kuliika mu envulopu osadziwa kuti yankho la funso lawo lagona pamenepo.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe zotupazi zimabwerera, paja anthu ambiri chikabwerera amangoti dokotala anasiya china, sanagwire bwino ntchito. Nthawi zambiri sizili choncho ayi. Pali zotupa zina, monga meningioma, zomwe zimamera pa kachikopa kokuta ubongo, izi zimangokankha ubongo uku zikukula koma malire ake amaoneka, dokotala atha kuzungulira nkuchizula. Ndiye pali gulu lina la glioma, lomwe limachokera mu ubongo mwenimwenimo, ili ndiye lili ngati kapinga m'munda, mukalima pamwamba mumaona ngati mwayeretsa koma pansi mizu yayanga kale kutali ndi pomwe khasu linafika. Maselo a glioma amayenda limodzilimodzi motsata mitsempha ya magazi ndi timinyewa ta ubongo, ndipo selo limodzi silioneka pa sikani ya MRI, silioneka ndi maso, olo ndi maikulosikopu ya ku thiyeta. Mu 1928 dokotala wina wotchuka wa ku Baltimore ku America, Walter Dandy, anafika pochotsa mbali yonse yakumanja ya ubongo kwa odwala ena a glioma pofuna kuthana nacho kotheratu, koma mwa omwe anapulumuka opaleshoniyo matenda anabwererabe. Kuyambira kalekalelo zinadziwika kuti mpeni wokha sungamalize nkhani ya glioma yolusa. Ndipo glioblastoma, yomwe ndi yolusa kuposa zonse m'gululi, ikamabwerera nthawi zambiri imaphuka pompo, mkati mwa masentimita awiri kuchokera m'mphepete mwa pomwe anachotsa.

Sikuti kuchotsa kwambiri kulibe phindu, phindu lilipo lalikulu. Nchifukwa chake amajambula MRI pasanathe maola 72 chichitikireni opaleshoni, kuti aone chomwe chatsala bala lisanayambe kusokoneza chithunzi. Palinso mankhwala otchedwa 5-ALA omwe wodwala amamwa maola ochepa asanalowe ku thiyeta, dokotala akayatsa kuwala kwa buluu chotupa chimawala mofiirira ngati pinki pomwe ubongo wabwino sukuwala, ndipo kafukufuku wa ku Germany wa mu 2006 anaonetsa kuti pogwiritsa ntchito njirayi madokotala anachotsa chonse chooneka pa MRI mwa odwala 65 pa 100 alionse, pomwe ndi kuwala wamba anali 36. Koma mukuona, liwu lija labweranso, chooneka.

Kwa zaka zambiri madokotala polosera ankadalira zinthu zitatu, kuchuluka kwa chomwe chachotsedwa, msinkhu ndi mphamvu za wodwala, kenako giredi. Giredi amaipereka dokotala wa ku labu, amatenga kachidutswa ka chotupa, kukaumitsa mu sera, kukasenga mopyapyala kwambiri, kukapaka utoto nkukaika pa kagalasi, kenako amawerenga maselo omwe akugawikana, amaona ngati pali malo omwe maselo afa chifukwa chothinana, ngati mitsempha ya magazi yamera mosalongosoka, ndiye amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 4. Njirayi yathandiza anthu osawerengeka ndipo mpaka pano ndi maziko. Vuto lake ndi loti maso amaona nkhope, saona mtima. Odwala awiri amsinkhu umodzi, opaleshoni yofanana, pa kagalasi zotupa zawo zofanana ndendende, wina nkukhala zaka khumi ali gwa akugwira ntchito, mnzake chaka chisanathe chotupa chabwerera. Madokotala ankaziona zimenezi tsiku ndi tsiku koma chowasiyanitsira chinalibe.

Chowasiyanitsira chinapezeka mkati mwa maselo. Selo lililonse lili ndi DNA, yomwe ndi malangizo onse a momwe selo liyenera kukhalira, malangizowa agawidwa m'majini, ndipo majini asanjidwa pa makromozomu omwe munthu ali nawo mapeya 23. Chotupa chimayamba malangizo ena akalakwika, pena chilembo chimodzi chasintha, pena chigawo chonse cha kromozomu chasowa, pena jini imodzi yachulukitsidwa kambirimbiri, penanso jini ili bwinobwino koma yatsekedwa pakamwa. Zolakwika zimenezi ndi zomwe madokotala amati molecular markers, ife tingoti zizindikiro za mkati mwa maselo. Ndipo apa ndinene msanga chinthu chomwe chimadetsa nkhawa makolo ambiri, zolakwikazi nthawi zambiri zimakhala mu chotupa mokhamo, si zakumtundu, sizili m'magazi oti mungapatsire ana anu. Zilipo zochepa zoyenda m'banja monga matenda okhudza jini ya NF2, koma zimenezo dokotala amazifufuza padera.

Chizindikiro chachikulu pa glioma ya akuluakulu ndi IDH. Mu 2008 akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America akuwerenga majini a glioblastoma anapeza kuti zotupa pafupifupi 12 pa 100 zinali ndi cholakwika mu jini ya IDH1, ndipo chodabwitsa chinali choti eni zotupa zimenezi anali achicheperepo komanso ankakhala nthawi yaitali. Chaka chotsatira zinaoneka kuti glioma zambiri za giredi 2 ndi 3 zili ndi cholakwika chimenechi kapena cha mnzake IDH2. IDH ikalakwika imayamba kupanga kanthu kotchedwa 2-HG komwe kamadzaza mu selo nkusokoneza momwe majini amatsegukira ndi kutsekekera, selo limakanika kukhwima, limangokhalira kugawikana koma pang'onopang'ono. Ndiye apa pali chinthu chomwe chimasokoneza anthu, lipoti likalembedwa kuti IDH-mutant anthu amagwa mphwayi poganiza kuti liwu loti mutant ndi loipa, chonsecho pa glioma ndi nkhani yabwinopo, chotupa choterocho chimayenda mochedwa, chimabwerera patapita zaka osati miyezi. Choopsa kwambiri ndi chomwe chalembedwa IDH-wildtype, kutanthauza kuti IDH yake ili bwinobwino. Kusiyanaku ndi kwakukulu moti bungwe la WHO mu 2016 linalowetsa zizindikirozi m'kaundula wake wa zotupa za mu ubongo, ndipo mu 2021 linafika ponena kuti dzina loti glioblastoma lizipatsidwa kwa zotupa za IDH-wildtype zokha.

Kaundula wa 2021 ameneyu anatembenuza zinthu mwanjira yomwe ine ndimaiona kuti ndi yolimba mtima. Tiyerekeze chotupa chomwe pa kagalasi chikuoneka chofatsa, maselo ogawikana ndi ochepa, palibe malo akufa, kale chikanatchedwa giredi 2 wodwala nkuuzidwa kuti tizingokuonani. Koma ngati chili IDH-wildtype ndipo chili ndi chimodzi mwa zitatu izi, cholakwika pa swichi ya jini ya TERT, kapena jini ya EGFR yochulukitsidwa, kapena kromozomu 7 yoonjezera limodzi ndi kusowa kwa kromozomu 10, pano chimatchedwa glioblastoma giredi 4 olo nkhope yake ikhale yofatsa bwanji, chifukwa odwala oterewa atawatsatira anapezeka kuti matenda awo amathamanga ngati glioblastoma ina iliyonse. TERT ndi yosavuta kumvetsa, kumapeto kwa kromozomu iliyonse kuli kachisoti komwe kamafupika nthawi zonse selo likagawikana, kakatha selo limakalamba nkusiya, ndiye TERT ikatseguka molakwika imangokhalira kubwezeretsa kachisotiko selo osakalambanso. Chimodzimodzinso astrocytoma (mtundu wina wa glioma) ya IDH-mutant, yomwe tati ndi yofatsapo, ikataya makope onse awiri a majini a CDKN2A/B omwe ndi mabuleki a kugawikana kwa selo, imakwera kufika giredi 4 nthawi yomweyo.

Pa zotupa za IDH-mutant amayezanso 1p/19q. Ngati mkono waufupi wa kromozomu 1 ndi mkono wautali wa kromozomu 19 yasowa yonse pamodzi, chotupacho ndi oligodendroglioma, ndipo mwa glioma zoyanga za akuluakulu iyi ndi yomwe imamva mankhwala kwambiri. Kafukufuku wotchedwa RTOG 9402, yemwe zotsatira zake za nthawi yaitali zinatuluka mu 2013, anaonetsa kuti odwala omwe zotupa zawo zinali ndi chizindikirochi akalandira radiyesheni ndi kemo ya PCV (mankhwala atatu ophatikiza a khansa) ankakhala zaka 14.7 poyerekeza ndi zaka 7.3 kwa omwe analandira radiyesheni yokha. Kuwirikiza kawiri. Omwe analibe chizindikirochi phindu lake silinali lalikulu choncho.

Apa mwaona kuti zizindikirozi zili mitundu iwiri ndipo ndi bwino kusazisakaniza. Zina zimangokuuzani khalidwe la chotupa, kuti ichi ndi chothamanga ichi ndi chochedwa, kaya mupereke mankhwala anji. Zina zimakuuzani ngati mankhwala akutiakuti agwire ntchito. MGMT ili m'gulu lachiwirili ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi yomwe aliyense wodwala glioblastoma amakumana nayo.

Mu 2005 Roger Stupp ndi anzake anaonetsa kuti kuphatikiza mapilisi a temozolomide pa radiyesheni kumatalikitsa moyo wa odwala glioblastoma kuchoka pa miyezi 12.1 kufika 14.6, ndipo mpaka lero ndi chithandizo chomwe chimaperekedwa pambuyo pa opaleshoni. Temozolomide imagwira ntchito pomata kanthu kakang'ono pa DNA ya selo la chotupa, selo likafuna kugawikana limapunthwa pamenepo nkufa. Koma selo lili ndi mmisiri wake wokonza, puloteni ya MGMT, yomwe ntchito yake ndi kuyenda nkumachotsa kanthu komatidwa kaja. Ndiye ganizani, inu mukumwa mankhwala, mukusanza, magazi akutsika, mmisiri uja ali kalikiliki kumbuyo kufufuta zonse zomwe mankhwala achita. Koma mu zotupa zina swichi ya jini ya MGMT imakhala yotsekedwa ndi timagulu ta methyl, tinthu ting'onoting'ono tomwe timamatirira pa DNA, lipoti limalemba kuti MGMT methylated, mmisiri palibe, mankhwala amaluma bwinobwino. Monika Hegi wa ku Lausanne ku Switzerland atayeza zotupa za odwala a mu kafukufuku yemwe uja anapeza swichi yotsekedwa mwa pafupifupi 45 pa 100, ndipo mwa amenewa olandira temozolomide anakhala miyezi 21.7 pomwe a radiyesheni yokha anakhala 15.3. Kwa omwe swichi yawo inali yotsegula phindu linali laling'ono. Nchifukwa chake kwa agogo ofooka omwe sangapirire zonse ziwiri, MGMT imathandiza kusankha, ngati ndi methylated mapilisi okha atha kuthandiza, ngati ayi ndi bwino kutsamira pa radiyesheni kusiyana ndi kuwazunza ndi mankhwala omwe chotupa chikuwafufuta.

Tibwere ku meningioma, chomwe mayi aang'ono anali nacho, ndipo ndi chotupa chomwe chimapezeka kwambiri mwa zonse zoyambira m'mutu, makamaka kwa amayi. Pafupifupi 8 mwa 10 zimakhala giredi 1, si khansa, ndiye anthu amaganiza kuti nkhani yatha. Mu 1957 Donald Simpson, dokotala wa ku Australia, analemba masitepe asanu a momwe chotupachi chachotsedwera, sitepe yoyamba ndi yoti chachotsedwa chonse pamodzi ndi kachikopa komwe chinamerapo ndi fupa lomwe lakhudzidwa, yomaliza ndi yongopungulako, ndipo anaonetsa kuti mukasiya zambiri mpata wobwerera umakula. Madokotala amagwiritsabe ntchito masitepe akewo. Koma olo pa sitepe yoyamba pafupifupi mmodzi mwa khumi chinkabwererabe, ndipo pakati pa giredi 1 pamabisala zina zomwe khalidwe lake ndi la giredi 2 kapena 3, pomwe pa giredi 2 pali zina zofatsa zomwe eni ake amawotchedwa ndi radiyesheni mwina popanda chifukwa chokwanira. Giredi 2 ndiye pomwe madokotala amakanganirana kwambiri, chikachotsedwa chonse tiwotche kapena tidikire? Radiyesheni ya m'mutu si masewera, imatha kusiya kutopa, kuiwalaiwala, kuononga mitsempha yoyandikana, koma kudikira chotupa cholusa nakonso kumatanthauza opaleshoni yachiwiri yomwe nthawi zonse imavuta kuposa yoyamba chifukwa cha zipsera.

Apa zizindikiro zathandiza zedi. Meningioma zambiri zimataya mbali ya kromozomu 22 pomwe pali jini ya NF2, izi zokha sizoopsa kwenikweni, koma pakaonjezereka kusowa kwa 1p, kenako 14q, mpata wobwerera umakwera. TERT ndiye yoopsa, kafukufuku wa ku Heidelberg ku Germany wa mu 2016 pa meningioma 252 anapeza cholakwikachi mu 16 zokha, koma kwa amenewa chotupa chinkabwerera pa miyezi 10.1 pomwe kwa enawo inali miyezi 179. Miyezi khumi kuyerekeza ndi zaka pafupifupi 15, pa zotupa zomwe zina mwa izo pa kagalasi simungazisiyanitse. Mpake kuti kuyambira 2021 meningioma iliyonse yokhala ndi cholakwika cha TERT kapena yotaya makope onse awiri a CDKN2A/B imatchedwa giredi 3, nkhope yake ikhale yotani. Mu 2023 akatswiri a ku San Francisco anatulutsanso njira yoyeza majini 34 nthawi imodzi, kuona omwe akulankhula mokweza ndi omwe ali chete, nkugawa odwala m'magulu a chiopsezo chochepa, chapakati ndi chachikulu, komanso kusonyeza omwe radiyesheni ingawapindulire. Pali kachiyeso kena kosavuta komwe labu zambiri zimachita, Ki-67, kamangopaka utoto maselo omwe ali mkati mogawikana nkupereka peresenti, kakakhala kokwera pa chotupa cha giredi 1 dokotala wosamala amafupikitsa nthawi ya pakati pa masikani.

Lipoti la mayi aang'ono litabwera ndinaliwerenga katatu ndili pa benchi. Linali tsamba limodzi ndi theka. Giredi 1, Ki-67 yotsika, ndipo mzere womwe dokotala anaulozera ndi cholembera unali wonena kuti 1p sinasowe. Anatembenukira kwa iwo nkuti, "Mayi, chotupa chanu ndi chaulesi, sitikuwotchani, koma MRI musamaijombe." Ndinaona mapewa a bambo aang'ono akutsika koyamba chiyambireni mwezi umenewo.

Palinso njira ina yomwe yasintha ntchito ya ku labu, yoyang'ana timagulu ta methyl tija osati pa jini imodzi koma pa malo zikwi mazanamazana a DNA nthawi imodzi. Mtundu uliwonse wa chotupa uli ndi kasanjidwe kakekake, ngati chidindo cha chala, kosonyeza selo lomwe chinachokerako. Gulu la ku Heidelberg mu 2018 linaphunzitsa kompyuta kuzindikira mitundu 82 ya zotupa za mu ubongo ndi msana pogwiritsa ntchito zidindo zimenezi, ndipo ataiyesa pa odwala atsopano, pafupifupi 12 pa 100 dzina la matenda awo linasintha, ena giredi kukwera ena kutsika. Tangoganizani, munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu. Mu 2023 a ku Utrecht ku Netherlands anaonetsa kuti ndi kamakina kowerenga DNA mwachangu atha kupeza yankho lotere pasanathe mphindi 90, wodwala adakali pa tebulo mutu uli chitsegukire, kuti dokotala adziwe ngati kuli koyenera kulimbana ndi kachidutswa komaliza komwe kamatirira pamalo oopsa kapena kukasiya. Kwa ana nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, medulloblastoma, khansa ya mu ubongo yomwe imagwira makamaka ana, inagawidwa m'magulu anayi, WNT, SHH, gulu 3 ndi gulu 4, ndipo ana a gulu la WNT oposa 9 mwa 10 amachira, moti pano kafukufuku akuyesa kuwachepetsera radiyesheni kuti ubongo wawo womwe ukukula usaonongeke pachabe, pomwe a gulu 3 okhala ndi jini ya MYC yochulukitsidwa amafunika chithandizo champhamvu kuyambira pachiyambi.

Tsopano ndinene mbali yomwe imandikhudza kwambiri, chifukwa ndaona anthu akuwerenga manambala ngati omwe ndalembawa nkuyamba kuwerengera masiku pa kalendala. Manambala onsewa, 14.6, 21.7, 179, ndi a munthu wapakati. Mutandandalitsa odwala 101 kuyambira yemwe chinamubwerera msanga mpaka yemwe chinachedwa kwambiri, nambalayo ndi ya munthu wa 51, theka lonse lili kupitirira pamenepo ndipo ena ali kutali zedi. Chizindikiro chimakuuzani mzere womwe mwaima, sichikuuzani kuti ndinu wachingati pa mzerewo. Alipo a MGMT yotsegula omwe akhala zaka, aliponso a MGMT yotsekedwa omwe chinawabwerera msanga. Kuyeza MGMT kwenikweniko kuli ndi malo otuwa, labu zimagwiritsa ntchito njira zosiyana ndipo zotsatira zina zimagwera pamalire. Komanso kachidutswa komwe kapita ku labu ndi kochokera pangodya imodzi, chonsecho glioblastoma imodzi imatha kukhala ndi mabanja angapo a maselo osiyana majini, lina kutsogolo lina kumbuyo.

Ndipo chotupa chimasintha. Chobwerera nthawi zambiri si chija chinachotsedwa, ndi mdzukulu wa maselo omwe anapulumuka mpeni, radiyesheni ndi mankhwala. Kafukufuku wa ku San Francisco wa mu 2014 anayerekeza glioma zofatsa 23 ndi zomwe zinadzabwerera mwa anthu omwewo, mu 43 pa 100 theka kapena kuposa la zolakwika za chotupa choyamba silinapezekenso mu chachiwiri, ndipo mwa odwala 10 omwe anamwa temozolomide, 6 zotupa zawo zinabwerera zitadzaza ndi zolakwika zambirimbiri zochititsidwa ndi mankhwala omwewo. Sindikunena kuti mankhwalawa ndi oipa ayi, apulumutsa miyezi ndi zaka za anthu ambiri, koma nchifukwa chake chikabwerera madokotala amafuna kuyezanso mwatsopano m'malo modalira lipoti lakale. IDH yokha ndi yomwe kawirikawiri imakhalabe, poti ndi cholakwika cha pachiyambi penipeni, ndipo chifukwa cha kukhazikika kwakeko inasanduka chandamale, mapilisi a vorasidenib omwe amatseka IDH yolakwika anayesedwa pa odwala 331 a giredi 2 omwe anangochitidwa opaleshoni yokha, nthawi yomwe chotupa chinakhala chosakula inachoka pa miyezi 11.1 kufika 27.7, ndipo bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linawavomereza mu Ogasiti 2024. Apa chizindikiro chasiya kungolosera, chayamba kusintha zomwe chinalosera.

Chinanso chomwe ndikufuna mabanja adziwe ndi kubwerera kwabodza. Miyezi itatu yoyambirira radiyesheni ndi temozolomide zitatha, MRI imatha kuonetsa malo owala okulirapo ngati chotupa chaphukanso, banja lonse kulira, chonsecho ndi kutupa kwa minofu yomwe yawotchedwa, ndipo pakapita nthawi kumazilala kokha. Izi zimachitika kawirikawiri kwa a MGMT yotsekedwa, omwe mankhwala akuwagwira bwino aja. Dokotala wodziwa MGMT ya wodwala wake sathamangira kusiya mankhwala, amajambulanso pakapita masabata angapo kapena kugwiritsa ntchito sikani yoona kayendedwe ka magazi pamalopo.

Anthu amafunsa kuti bwanji osangoyeza magazi ngati momwe zikuchitikira pa khansa zina. Vuto ndi mpanda womwe uli pakati pa magazi ndi ubongo, womwe umateteza ubongo koma umatsekerezanso tizidutswa ta DNA ya chotupa kuti tisafike m'magazi tambiri. Madzi omwe amazungulira ubongo ndi msana ndi omwe amatenga tizidutswati bwino. Ku Memorial Sloan Kettering ku New York mu 2019 anatunga madziwa pamsana mwa odwala glioma 85 nkupeza DNA ya chotupa mwa 42, ndipo omwe inapezeka matenda awo anali olusapo. Pa medulloblastoma zaoneka kuti DNA yotsalira m'madziwa chithandizo chitatha imatha kuchenjeza za kubwerera MRI isanaone kanthu. Pakadali pano njirayi ikadali kwambiri m'manja mwa ofufuza ndi zipatala zikuluzikulu, ndipo kubaya pamsana si chinthu chochita mwezi ndi mwezi, kwa wodwala yemwe m'mutu mwake muli kuthinana kwambiri nkoopsa kumene.

Chomwe chimandipweteka ndi choti kuyeza kumeneku sikufika kwa onse, makina owerenga DNA ndi odula ndipo ali m'malo ochepa, ndiye anthu awiri a matenda amodzi wina amathandizidwa motsata lipoti la masamba asanu wina motsata mzere umodzi. Komabe si zonse zofuna makina akuluakulu. Cholakwika cha IDH1 chomwe chimapezeka kwambiri, R132H, chomwe ndi pafupifupi 9 mwa 10 ya zonse, chimaoneka ndi utoto wapadera pa kagalasi wamba, chimodzimodzinso zizindikiro zina monga ATRX, p53, Ki-67 ndi H3 K27M ya zotupa za pakati pa ubongo. Ndiye musaope kufunsa, si mwano. Funsani kuti dzina lonse la chotupachi ndi chiyani malinga ndi kaundula wa 2021, MRI ya pambuyo pa opaleshoni yaonetsa chotsala kapena ayi, ngati ndi glioma IDH yayezedwa, nanga 1p/19q, nanga MGMT, ngati ndi meningioma Ki-67 ili pa chingati ndipo pali chifukwa choyezera 1p, TERT kapena CDKN2A/B, ndipo koposa zonse funsani kuti yankho la zimenezi lisintha chiyani pa chithandizo, chifukwa ngati silisintha kanthu dokotala wabwino akuuzani choncho.

Ndipo kachidutswa kaja sikatayidwa. Kamakhala mu kabuloko ka sera kakang'ono ngati bokosi la machesi, kolembedwa nambala, mu kabati ya ku labu, ndipo DNA ya mmenemo imatha kuyezedwa olo patapita zaka, kabulokoko kathanso kutumizidwa ku labu ina yomwe ili ndi makina. Nambala yake imakhala pamwamba pa lipoti. Ya mayi aang'ono ndinaikopera mu foni yanga, ndipo bambo aang'ono anailemba mkati mwa chikuto cha buku lawo la kuchipatala, pafupi ndi deti la MRI yotsatira.